Msonkho wa galimoto ku Britain: mulipire pa intaneti kapena ku positi ofesi?

Mmalawi akafika ku Britain n'kupeza ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, sipatenga nthawi kuti ayambe kufuna galimoto. Basi siingakufikitseni pamakomo asanu m'mawa umodzi. Ndiye munthu amagula kagalimoto kogwirapo kale ntchito, n'kulipira inshuwalansi, basi n'kumati zatha, osadziwa kuti patsala chinthu china chomwe boma la kuno silichita nacho chibwana. Chinthucho ndi msonkho wa galimoto, umene m'makalata a boma umatchedwa Vehicle Excise Duty. Amatolera ndi bungwe la DVLA, lomwe likulu lake lili ku Swansea, m'dziko la Wales.

Funso lomwe limabwera kawirikawiri ndi loti kodi kutchipa n'kuti, pa intaneti kapena ku positi ofesi? Mtengo ndi umodzimodzi. Wapositi sawonjezerapo kalikonse, ndipo pa intaneti sakuchotserani ngakhale pang'ono. Ndalama zimasiyana pa zinthu ziwiri zina: galimoto yomwe munasankha, ndi m'mene mwagawira malipirowo.

Chaka chomwe galimoto inalembetsedwa

Msonkhowu suyang'ana kuti galimotoyo munaigula ndalama zingati kwa amene anakugulitsani. Umayang'ana tsiku lomwe inalembetsedwa koyamba ili yatsopano. Mitengo imasintha pa 1 Epulo chaka chilichonse, ndipo yomwe ndikutchula pano ndi ya chaka choyambira Epulo 2025.

Galimoto zolembetsedwa isanafike 1 Malichi 2001 zimalipira potengera kukula kwa injini: £220 pachaka ngati injini siyikupitirira 1549cc, ndi £360 ikapitirira. Zoterezi zatsala zochepa pamsewu.

Zomwe ambiri a ife timagula ndi zapakati pa 1 Malichi 2001 ndi 31 Malichi 2017. Izi zimalipira potengera kuchuluka kwa mpweya wa CO2 womwe zimatulutsa pa kilomita imodzi, ndipo zinaikidwa m'magulu kuyambira A mpaka M. Apa m'pamene munthu amapulumutsa kapena kutaya ndalama zenizeni. Magulu A ndi B amalipira £20 yokha pachaka. Gulu C, la magalamu 111 mpaka 120, limalipira £35. Mukangodutsa malirewo ndi galamu imodzi, mwalowa gulu D, ndipo mtengo wadumpha kufika £165. Kumapeto kwenikweni, gulu M, ndi £760. N'chifukwa chake zigalimoto zikuluzikulu zakale, zooneka zaulemerero, zimagulitsidwa motchipa modabwitsa. Mwini wake watopa ndi msonkho, akufuna wina amulandire katunduyo.

Zolembetsedwa kuyambira 1 Epulo 2017 zili ndi lamulo lina. Chaka choyamba mtengo umatengera utsi, ndipo umenewo amalipira ndi wogula galimoto yatsopano. Kuyambira chaka chachiwiri, pafupifupi zonse zimalipira mofanana, £195. Choncho galimoto ziwiri zamtundu umodzi, injini yofanana, ina ya Malichi 2017 ina ya Epulo 2017, zikhoza kusiyana chonchi: ina £20, inzake £195, chaka ndi chaka. Palinso msampha wina. Ngati galimotoyo ili yatsopano mtengo wake unkapitirira £40,000, pamabwera £425 yowonjezera pachaka kwa zaka zisanu, kuyambira chaka chachiwiri mpaka chachisanu ndi chimodzi. Zilibe kanthu kuti inuyo mwaigula yakale pamtengo wotsika. Ikakhala kuti ikadali m'zaka zimenezo, mudzalipira £620. Galimoto zamagetsi, zomwe kale sizinkalipira, zinayamba kulipira pa 1 Epulo 2025.

Musanapereke ndalama kwa wogulitsa, lembani nambala ya galimotoyo pa tsamba la GOV.UK loonera msonkho. Ndi ulere, ndipo limakuonetsani mwezi womwe inalembetsedwa, kuchuluka kwa utsi wake, komanso ngati ili ndi msonkho ndi MOT, chiphaso chosonyeza kuti galimoto inayezedwa. Ntchito ya mphindi ziwiri imeneyi ndi yaphindu kuposa kukambirana mtengo tsiku lonse.

Kulipira kamodzi kapena pang'onopang'ono

Tengani galimoto ya £195 ija. Mukalipira chaka chonse nthawi imodzi, ndi £195 yomweyo, kaya ndi khadi kaya ndi Direct Debit, ija banki imadula yokha. Mukasankha kuti azidula mwezi ndi mwezi, amawonjezera 5 peresenti, ndipo pakutha pa chaka mumakhala mutapereka £204.75. Miyezi isanu ndi umodzi pa Direct Debit ndi £102.38. Koma miyezi isanu ndi umodzi yomweyo mukalipira kamodzi ndi khadi kapena ndalama zapamanja, amawonjezera 10 peresenti, ndiye kuti £107.25.

Njira yomalizayi ndiyo yodula kuposa zonse, ndipo ndi imene anthu opanda ndalama zokwana chaka amathamangira akaima pakauntala. Kwa ine, ngati simungathe kulipira chaka chonse, ya mwezi ndi mwezi ndi yabwinoko. Ndalama zosakwana £10 pachaka si zambiri poyerekeza ndi mtendere womwe imabweretsa, chifukwa imadzikonzanso yokha chaka chikatha. Chenjezo lake ndi lakuti amadula tsiku loyamba logwira ntchito m'mwezi. Akapeza mu akaunti mulibe kanthu amayesanso kachiwiri, ndipo zikakanikanso amathetsa dongosololo, galimoto n'kukhala yopanda msonkho. Amene malipiro awo amabwera pakati pa mwezi, ndipo zambiri zapita kale kumudzi, akumbukire kusiyamo kangachepe. Dongosololi silidzikonzanso ngati MOT yatha, ndipo amene ali pa Direct Debit salandira kalata yokumbutsa za msonkho yomwe ena amalandira.

Pa intaneti

Mukufunika nambala imodzi mwa zitatu. Yoyamba ili pa kalata yokumbutsa yotchedwa V11, yomwe DVLA imatumiza msonkho ukatsala pang'ono kutha. Ili ndi manambala 16. Yachiwiri ili pa V5C, chikalata cha galimoto chomwe kwathu timati bulu buku. Ili ndi manambala 11, ndipo chikalatacho chiyenera kukhala m'dzina lanu. Yachitatu ndi ya amene angogula kumene: kapepala kobiriwira ka V5C/2 komwe wogulitsa amang'amba n'kukupatsani, ka manambala 12.

Mukalowetsa nambalayo, kompyuta imayang'ana yokha ngati MOT ilipo. Mukalipira, galimoto yakhoma msonkho, ngakhale pakati pa usiku kapena Lamulungu. Palibe chomata pagalasi. Kapepala kozungulira kaja kanathetsedwa pa 1 Okutobala 2014, ndipo pano apolisi ndi a DVLA amangowerenga nambala ya galimoto ndi makamera. Mukhoza kukonzanso msonkho kuyambira pa 5 m'mwezi womwe ukutha. Pali foninso yolipirira, 0300 123 4321, yomwe imagwira usana ndi usiku, koma Direct Debit simungaikhazikitse pafoni.

MOT imafunika galimoto ikakwanitsa zaka zitatu, kapena zinayi ku Northern Ireland. Ndi kuyeza galimoto ngati COF yakwathu, ndipo galaja saloledwa kulipiritsa kupitirira £54.85 pa galimoto wamba. Zotsatira zake nthawi zina zimatenga masiku awiri kuti zioneke pa kompyuta ya DVLA, choncho musadikire tsiku lomaliza.

Vuto lalikulu pa intaneti ndi akuba. Pali masamba omwe amadzikongoletsa ngati aboma n'kumalipiritsa ndalama zapamwamba pa ntchito yomwe boma limachita osawonjezera kanthu. Palinso mauthenga apafoni onena kuti msonkho wanu sunadutse, kapena kuti DVLA ikufuna kukubwezerani ndalama, dinani apa. DVLA siipempha manambala a khadi kapena a akaunti kudzera pa uthenga wapafoni kapena imelo. Lembani nokha gov.uk pamwamba, muyambire pamenepo.

Ku positi ofesi

DVLA inali ndi maofesi 39 m'matauni osiyanasiyana, koma onse anatsekedwa pofika kumapeto kwa 2013. Choncho kukalipira pamaso ndi pamaso masiku ano ndi ku positi ofesi basi, ndipo si iliyonse yomwe imachita za msonkho wa galimoto. Onani kaye pa tsamba la Post Office kuti musayende ulendo wachabe. Tengani V11, V5C kapena kapepala kobiriwira kaja, umboni wa MOT, ndi ndalama kapena khadi. Ngati mukufuna Direct Debit, tengani manambala a akaunti, amakhazikitsa konko. Ku Northern Ireland amafunanso chikalata cha inshuwalansi ndi cha MOT pamanja.

Kwa munthu amene mapepala ake ali bwinobwino, palibe chifukwa choimira pamzere. Koma pali nthawi zomwe positi imathandiza. Amene ali ndi ndalama zapamanja zokha, njira ndi yomweyo. Amene wataya V5C ndipo kalata yokumbutsa sinabwere, koma galimoto ili m'dzina lake, akhoza kudzaza fomu ya V62, kulipira £25 ya chikalata chatsopano, n'kukhoma msonkho nthawi yomweyo. Ndipo aulumali omwe akupempha koyamba kuti galimoto yawo isamalipire msonkho amayenera kupita ku positi ndi kalata yosonyeza thandizo lomwe amalandira. Amene amalandira gawo lapamwamba la thandizo la kayendedwe la PIP salipira konse pa galimoto imodzi, pomwe a gawo lotsika amalipira theka, ndipo iwowo amapempha potumiza mapepala ku Swansea. Ufulu umenewu anthu ena amangoukhalira osadziwa. Dziwani kuti ngakhale galimoto yomwe mtengo wake ndi £0 imayenera kukonzedwa msonkho chaka chilichonse, apo ayi imawerengedwa kuti ilibe.

Kugula, kugulitsa ndi kuimika galimoto

Wogulitsa akamati galimotoyi ili ndi msonkho mpaka Disembala, mawuwo alibe phindu kwa inu. Kuyambira 2014 msonkho sutsatira galimoto. DVLA ikangouzidwa kuti galimoto yagulitsidwa, imathetsa msonkho wakale n'kubwezera wogulitsayo ndalama za miyezi yathunthu yotsala, pa cheke chopita ku adiresi yomwe ili pa V5C. Wogula ayenera kulipira wake asanaichotse pakhomo pa wogulitsa. Chitani pafoni yanu muli pomwepo, ndi kapepala kobiriwira m'manja, inshuwalansi mutakonza kale. Wogulitsa akati V5C inasowa, ndi bwino kubwerera, chifukwa popanda kapepalako simungakhome msonkho mpaka chikalata chatsopano chitabwera.

Msonkho umayamba kuwerengedwa pa 1 m'mwezi womwe mwalipira. Mukagula galimoto pa 28 n'kuyamba kuiyendetsa, mwalipira mwezi wonsewo, ndipo wogulitsa nayenso sabwezeredwa za mwezi umenewo. Boma limadya kawiri. Ngati palibe changu, katengeni galimotoyo pa 1.

Galimoto yomwe simukuigwiritsa ntchito ili ndi njira yake, yotchedwa SORN: mumadziwitsa DVLA kuti yachoka pamsewu. Ndi ulere, ndipo ndalama za miyezi yotsala zimabwezedwa. Koma iyenera kukhala pamalo anu enieni, m'galaja kapena pabwalo la nyumba, osati m'mbali mwa msewu wa boma, ngakhale kutsogolo kwa khomo lanu. Popanda SORN, galimoto iyenera kukhala ndi msonkho ndi inshuwalansi nthawi zonse, iyende isayende. Galimoto yopanda msonkho imaloledwa pamsewu ikamapita ku MOT yomwe mwakonzeratu tsiku ndi nthawi, osakhotera kwina. Amene mukupita kumudzi kwa miyezi iwiri kapena itatu, konzani zimenezi musanakwere ndege: Direct Debit, SORN, kapena kulipiriratu, zomwe zimatheka potumiza mapepala ku DVLA mpaka miyezi iwiri msonkho usanathe.

Zindapusa ndi kudandaula

DVLA siifunika kukugwirani pamsewu. Kompyuta yawo ikaona kuti galimoto ilibe msonkho ndipo palibe SORN, imatumiza chindapusa cha £80 kwa munthu amene dzina lake lili pa V5C, ndipo chimatsika kufika £40 mukalipira msanga. Taonani bwino apa: mlandu ndi wa amene dzina lake lili pachikalata, osati amene akuyendetsa. Ngati munalembetsa galimoto m'dzina lanu pothandiza m'bale wanu wongofika kumene, makalata onse azibwera kwa inu. Galimoto ikapezeka pamsewu, akhoza kuimanga tayala ndi chitsulo. Kumasula ndi £100, ndipo ngati simunakhomebe msonkho mumasiyanso chikole cha £160. Ikakokedwa kupita kosungira, mtengo umakwera kufika £200 kuphatikiza £21 tsiku lililonse, ndipo yosatengedwa imagulitsidwa kapena kuphwanyidwa. Nkhani ikafika kukhoti, chindapusa chikhoza kufika £1,000 kapena kupitirira apo pa galimoto ya msonkho waukulu.

Ambiri amagwa m'zimenezi chifukwa cha adiresi. Munthu wasamuka chipinda ku Leeds wapita ku Manchester, wauza abwana ndi banki, koma V5C ikadali pa nyumba yakale. Kalata yokumbutsa imapita komweko, chindapusa komweko, mpaka nkhani yafika kwa otolera ngongole iye osadziwa. Kusintha adiresi pa V5C ndi ulere ndipo kumatheka pa intaneti. Kusintha pa laisensi yoyendetsera sikusintha pa V5C. Chilichonse chimasinthidwa pachokha.

Muli ndi ufulu wodandaula ngati chindapusa chabwera molakwika. Lemberani DVLA pa adiresi yomwe ili pakalata yachindapusayo, ndipo muikemo umboni woti panthawiyo msonkho munali mutalipira, kapena munali mutawadziwitsa kale kuti galimotoyo munagulitsa kapena munaichita SORN. N'chifukwa chake lisiti la ku positi ndi imelo yotsimikizira ija muzisunga. Koma DVLA siimva dandaulo loti kalata yokumbutsa sinafike, loti munasamuka osawauza, loti munali kumudzi, kapena loti banki sinadule ndalama. Pa zimenezo lipirani £40 nthawi isanathe, ndipo tsiku lomwelo mukhome msonkho kapena muchite SORN.