Nambala Yokana Kugawidwa

Aphunzitsi,

Mwana wanga wachisamba, amene akuphunzira za makompyuta, akuti nambala ya 2,147,483,647 sigawika ndi nambala ina iliyonse popanda kutsala kanthu, kupatula 1 ndi iyo yomwe. Ine ndakalambira pa malonda a chimanga, ndipo sindinaonepo mulu waukulu wokana kugawidwa. Ndani anakhala pansi kuyesa nambala zonsezo? Kapena mwanayu akundiseweretsa?

Kholo la ku Ntcheu

Bambo,

Safunsa anadya phula, tsono mwachita bwino kufunsa. Koma mwana wanuyo musamukayikire, pakuti wanena zoona. Nambalayi ili m'fuko la zija akatswiri a masamu amazitcha prime, abale ake a 2, 3, 5 ndi 7, zimene Euclid wa ku Alexandria anatsimikiza kalekale kuti zilibe mapeto, kotero kuti ngakhale munthu atawerenga kufikira imvi zitamera, sadzapeza yotsiriza.

Zoyamba mukhoza kuziyesa nokha muli khale pa mkeka. Popeza imathera ndi 7, sigawika ndi 2 kapena 5. Ndipo mukaphatikiza manambala ake khumiwo mupeza 46, amene sagawika ndi 3, kusonyeza kuti nayonso mwini wake sigawika ndi 3.

Koma ulemu wake wagona pa kubadwa kwake. Mukalemba 2 maulendo 31, nimuwachulukitsa onse pamodzi, kenaka nimuchotsapo 1, imene itsale ndiyo nambala yathuyi. Ndipo nambala zobadwa motere zimatchedwa ndi dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France, amene analemba za izo mu 1644. Si zonse zimene zili prime, ayi: mukachita chimodzimodzi ndi 2 maulendo 11 mupeza 2,047, imene ili 23 kuchulukitsa ndi 89.

Tsono amene anaweruza mlanduwu ndiye Leonhard Euler wa ku Switzerland, m'chaka cha 1772, maso ake atachita kale khungu, makina owerengera a masiku ano kulibe. Ndipo sanayese nambala zonse monga mukuganizira, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha. Nambala zogawa inzake zimayenda ziwiriziwiri, yaing'ono ndi yaikulu, ndipo popeza 46,341 kuchulukitsa ndi iyo yomwe ikupitirira kale nambala yathuyi, yaing'onoyo ikadakhalapo sikadaposa 46,340. Kuwonjezera apo, Pierre de Fermat anali ataonetsa kale njira yodziwira kuti prime iliyonse yogawa nambala imeneyi iyenera kusiya 1 poigawa ndi 62, chimene chichepetsa zoyesedwa kufika pa zosakwana 750. Euler anazipetanso ndi nzeru zake, nayesa zotsalazo, osapeza ngakhale imodzi. Kwa ine chodabwitsa ndi kupetako, osati kukula kwa nambala.

Chimene mwana wanu waidziwira n'chakuti makompyuta ambiri amasunga nambala m'timalo 32, kalikonse konyamula 0 kapena 1, kamodzi n'kukhala kosonyeza ngati nambalayo ili pamwamba kapena pansi pa ziro. Timalo 31 totsalato tikadzaza ndi ma 1, apo ndiye pamalire, ndipo malirewo ndiwo nambala yathuyi. Makina akale amene amawerenga masekondi motere kuyambira pa 1 Januwale 1970 adzafika pamalirepo pa 19 Januwale 2038, nthawi ili 5:14 m'mawa kuno kwathu, ndipo osakonzedwa adzasokoneza tsiku. Muuzeni mnyamatayo alimbikire sukulu, pakuti ntchito yokonza makinawo ikudikira anthu onga iye.