Phunziro la Zaumoyo: Kodi Kutsuka Mipope ya Mpweya Kuchiza Chimfine cha Fumbi?

Alipo anthu amene angoti alowa m'nyumba, pomwepo ayamba kuyetsemula, maso kuyabwa, mamina kuchucha, ndipo ena chifuwa cha mphumu chiwagwira pakhosi usiku wonse. Vutoli madokotala alitcha allergy, dzina limene Clemens von Pirquet wa ku Vienna anayambitsa m'chaka cha 1906. Tanthauzo lake ndi ili: thupi liyamba kumenyana ndi kanthu kosaopsa, monga fumbi kapena mungu wa maluwa, ngati kuti ndi mdani.

Ku America ndi ku Canada, kumene chisanu chimaluma, nyumba zambiri zili ndi makina otenthetsa ndi kuziziritsa mpweya. Mpweyawo uyenda m'mipope yobisika m'zipupa ndi pansi pa nyumba, nutulukira m'chipinda chilichonse. M'mipopemo mumaunjikana fumbi. Tsono alipo amalonda amene auza eni nyumba kuti, akalipira ndalama zowatsukira mipopeyo, odwala adzapeza bwino. Kholo limene mwana wake akubanika lingakane bwanji? Koma akulu anati kutsutsa galu n'kukumba. Tiyeni tikumbe.

1. Zimene ofufuza anapeza

M'chaka cha 1997 bungwe la boma la America losamala za chilengedwe, Environmental Protection Agency, linafalitsa kabuku ka malangizo pa nkhaniyi. Mfundo yake inali yakuti palibe umboni wosonyeza kuti kutsuka mipope kumateteza anthu ku matenda. Chifukwa chake n'chomveka: fumbi lochuluka la m'mipope limamatirira m'mbali mwake, silimauluka kulowa m'zipinda. Ndiponso wantchito wosasamala angathe kulivundula, nasiya nyumba ili ndi fumbi loposa kale.

2. Mdani weniweni ali kuti?

M'chaka cha 1964 Reindert Voorhorst ndi anzake ku Leiden, m'dziko la Netherlands, anasonyeza kuti chodwalitsa chachikulu m'fumbi la m'nyumba ndi tizilombo ta miyendo 8, abale a nkhupakupa, tochepa kwambiri kosafika ngakhale theka la milimita. Sitiluma munthu, tidya timamba ta khungu timene tonsefe timayoyola tsiku ndi tsiku, ndipo chimene chidwalitsa ndi ndowe zake. Tizilomboti sitimwa madzi, koma titenga chinyontho mumpweya. Chifukwa chake tikonda malo ofunda ndi achinyezi: matiresi, mitsamiro, mabulangete, makapeti ndi mipando ya nsalu. M'mpope wachitsulo wouma sitikhalitsa.

Onaninso ichi: ndowe zimenezi n'zolemererapo. Zikavundulidwa, zigwanso pansi posachedwa. Munthu azipuma makamaka pamene mphuno yake ili pa mtsamiro. Motero iye amene alipira kutsuka mipope, nasiya kama wake, ali ngati mlimi wotchinga mpanda kutali pamene mbewa zili kale m'nkhokwe.

Zina zodwalitsa ndizo chuku chomera pa zipupa zonyowa, mphemvu, ndi zoyoyoka pa khungu la amphaka ndi agalu. Utsi wa fodya ndi wa nkhuni uwonjezera vutolo.

3. Nanga kutsuka kuyenera liti?

Sitinena kuti mipope isatsukidwe konse. Bungwe lomwe lija linatchula nthawi zitatu: pamene chuku chaoneka ndi maso m'kati mwa mipope, pamene makoswe kapena tizilombo tamangamo zisa, ndi pamene fumbi lachuluka kufikira kutulukira m'zipinda. Koma chuku chibwera ndi madzi. Ngati pochucha sipatsekedwa, chidzameranso.

4. Zoyenera kuchita

Phunziro ili likhudza ndi ife amene nyumba zathu zilibe mipope yotere, pakuti tizilombo tija ndi chuku zipezeka paliponse pali chinyezi, makamaka nyengo ya dzinja. Chapani zofunda sabata ndi sabata, ndi madzi otentha ofika madigiri 60 ngati n'kotheka, ndi kuziumitsa bwino padzuwa. Pukutani fumbi ndi nsalu yonyowa, ndipo wazani madzi pansi musanasese. Wodwalayo atuluke panja nthawi yosesa. Konzani denga lodontha, tsegulani mazenera, ndipo ziweto zisagone m'chipinda cha wodwala. Amene ali ndi makina a mpweya asinthe sefa yake pa nthawi yake, ndiyo ntchito yotchipa koma yaphindu.

Koposa zonse, pitani ndi wodwalayo kwa dokotala, kuti chimdwalitsa chidziwike ndi mankhwala oyenera apatsidwe. Mphumu ipha ngati inyalanyazidwa. Ndalama za banja n'zochepa; zipite kumene mdani ali, osati kumene wamalonda aloza.