Kukonzekera Namondwe m'Midzi ya m'Mbali mwa Nyanja Yamchere

Anthu okhala m'mbali mwa nyanja yamchere ku Mozambique, kuyambira ku Inhambane, kudzera ku Beira ndi Quelimane, kufikira ku Angoche ndi Pemba, adziwa kuti miyezi ya Novembala mpaka Epulo, pamene madzi a m'nyanja afunda kupitirira madigiri 26 ndi kutulutsa nthunzi imene namondwe amatengako mphamvu zake, ndiyo nyengo yosatalikira wailesi. Koma chimene ambiri sachisamala, ngakhale adachiona ndi maso pamene namondwe wotchedwa Idai adafika ku Beira usiku wa pa 14 Malichi 2019, n'chakuti mphepo, ingakhale iopsa ndi mkokomo wake, siyo imene imatha anthu ochuluka. Amene amatha anthu ndi madzi, ndiwo a nyanja imene mkuntho umaikankhira kumtunda, ndi a mitsinje yosefukira pambuyo pake, monga idachitira Buzi ndi Pungwe, anthu nakhala masiku pa madenga ndi m'mitengo kulindira owapulumutsa. Chotero malangizo ali m'munsimu atsamira pa mfundo imodzi, yakuti munthu achoke pa njira ya madzi kumwamba kusanade.

Ntchito yoyamba njochitika mvula isanayambe, ndipo ndi ya mudzi wonse, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mfumu iitane anthu ake pabwalo, pamodzi ndi nduna zake ndi a komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, amene amagwira ntchito ndi bungwe la boma la INGD, ndipo nkhalamba zipatsidwe mpata woyamba kulankhula, zisonyeze pamene madzi adalekezera m'chigumula cha kale, pa mtengo uti, pa khoma liti, chifukwa madzi saiwala khwawa, ndipo pamene adafika kale adzafikanso. Akadziwa malire amenewo asankhe pothawira: sukulu, tchalitchi kapena mzikiti wa njerwa zootcha ndi simenti womangidwa pamalo okwera, ndipo asangoutchula dzina, koma ayende ndi mapazi njira yopitako, aone ngati ioloka dambo kapena mtsinje, popeza njira yabwino m'chilimwe imasanduka msampha m'dzinja. Pamsonkhano womwewo alembe maina a onse osatha kudziyendera, okalamba, olumala, odwala, amayi oyembekezera ndi ana amasiye, ndipo aliyense wa iwo apatsidwe munthu wake wodziwika amene adzamnyamule. Kunena kuti "tidzathandizana" n'kwabwino pabwalo, koma usiku wa mkuntho munthu wosatchulidwira womsamala amaiwalika.

Kenaka mwini nyumba aliyense ayang'ane denga lake. Mphepo imalowa pansi pa denga n'kulinyamula monga chivundikiro cha mphika, motero chofunika koposa ndicho kumanga denga ku khoma: mitanda imangidwe ndi waya wolimba ku nsichi kapena ku khoma lenilenilo, misomali yoguluka ikhomedwenso, ndipo denga la udzu likulungidwe ndi zingwe kapena ukonde wakale. Kusanjika miyala ndi njerwa pamwamba pa malata, kumene ambiri amakukhulupirira, ine sindikuyamikira konse, pakuti malata akatukuka miyalayo imagwera ana ogona m'kati. Nthambi zolendewera pa nyumba zidulidwe, kokonati wokhwima athyoledwe, ngalande ziyeretsedwe. Mitengo ya m'matope a m'mphepete mwa nyanja, imene imathyola mphamvu ya mafunde asanafike pa mudzi, isiyidwe ndithu, ngakhale makala ake ali ndi malonda.

Tsono ifika nthawi imene a zanyengo a INAM alengeza kuti namondwe alinkudza. Ku Mozambique chenjezo limaperekedwa ndi mitundu itatu, pa wailesi ndi pa mbendera: yobiriwira ngati kumwamba, kutanthauza kuti mkuntho ungafike pakati pa maola 24 ndi 48, yachikasu, kuti ufika maola 24 asanathe, yofiira, kuti watsala pang'ono kufika, m'maola 6 okha, kapena wayamba kale. Ikakwezedwa yoyamba ija, msodzi asapitenso panyanja, zingavute bwanji, ndipo amene ali kale pamadzi aitanidwe pa foni kapena ndi amithenga. Mabwato akokedwe kutali ndi gombe, kupitirira pamene mafunde aakulu amalekezera, avundikiridwe ndi kumangidwa ku mtengo wolimba, injini ndi maukonde zichotsedwemo. Pano pali yesero lalikulu, pakuti tsiku limenelo kumwamba kumatha kukhala koyera, nyanja ili phee, ndipo munthu wa banja amayamba kuwerengera nsomba zimene ataye akakhala kumtunda. Komatu zengerezu adalinda kwaukwau.

Tsiku lomwelo mayi wa pabanja amange katundu wothawa naye, wochepa wakuti munthu n'kusenza dzanja lina litagwira mwana. Ziphaso, mabuku a kuchipatala, makalata a sukulu ndi a malo, ndi ndalama, zikulungidwe m'mapepala a pulasitiki awiri kapena atatu. Mankhwala a odwala matenda okhalitsa, monga a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a chifuwa chachikulu ndi ma ARV, asasiyidwe m'mbuyo, chifukwa chipatala chingakhale chosafikika kwa masabata. Pakhalenso ufa, nyemba, nsomba zouma, mchere ndi shuga, machesi ouma, tochi, wailesi ya mabatire, neti yoteteza ku udzudzu, ndi foni yodzaza moto. Madzi akumwa atungidwe m'zigubu zotseka bwino, malita 3 pa munthu pa tsiku, okwanira masiku atatu kapena kuposapo. Mbewu yodzabzala, imene ili moyo wa chaka chamawa, itsekeredwe m'chigubu chouma ndi kupachikidwa pamwamba.

Mbendera yachikasu ndiyo ya ulendo. Onse okhala m'zigwa, m'mbali mwa mitsinje ndi kufupi ndi gombe, monga a ku Praia Nova mu mzinda wa Beira, anyamuke dzuwa likali m'mwamba, olembedwa maina aja patsogolo. Ziweto zikusidwire kumtunda, ndipo zikalephereka zimasulidwe, pakuti mbuzi yomangidwa pa chikhomo ilibe pothawira. Pali zinthu ziwiri zimene anthu a kunyanja ayenera kuzisunga mumtima. Choyamba, mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu nyanja imadzaza kuposa masiku onse, ndipo namondwe akakumana ndi kudzaza kumeneko madzi amalowa kutali m'mudzi. Chachiwiri, kuno kumwera kwa dziko lapansi mphepo ya namondwe imazungulira monga muvi wa wotchi, motero midzi imene ili kumwera kwa pamene pakati pake pagwera ndiyo imalandira mphepo yochokera kunyanja, yokankha madzi. Munthu asadzitonthoze pomva kuti namondwe agwera kumpoto kwa kwawo. Ambiri amakana kuchoka poopa akuba, ndipo mantha amenewo si opanda pake. Mfumu iwayankhe poika amuna ochepa olimba oti aziyendera mudzi kufikira mbendera yofiira, kenaka iwonso atsate anzawo.

Mkuntho ukayamba, palibenso chochita koma kukhala m'kati, kutali ndi mazenera, m'chipinda chaching'ono cha makoma olimba. Denga likayamba kusasuka, ana abisidwe pansi pa tebulo kapena bedi, matiresi ali pamwamba. Magetsi azimitsidwe pa switchi yaikulu. Mbaula ya makala isayatsidwe m'nyumba yotseka, chifukwa mpweya wake umapha mwakachetechete. Ndipo mphepo ikaleka mwadzidzidzi, kumwamba n'kuyera, nyenyezi n'kuoneka, wina asatuluke kukatola malata: pamenepo ndi pakati penipeni pa namondwe, ndipo posachedwa mphepo ibweranso ndi ukali womwewo, kuchokera mbali inayo.

Akuluakulu adati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Namondwe wotchedwa Freddy adaphunzitsa zimenezi m'chaka cha 2023, pamene adagwera pafupi ndi Vilankulo pa 24 Febuluwale, nabwerera kunyanja, nadzagweranso pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi, n'kupitirira kukagumula mapiri a ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Ndipo a kumtunda, amene saiona nyanja, adadziwa pamenepo kuti chenjezo la kugombe ndi lawonso. Chotero anthu asabwerere kumudzi asanamve kwa a boma kuti zatha, pakuti mitsinje imapitiriza kukwera masiku angapo mphepo itatha. Madzi othamanga asawolokedwe, ngakhale ofika m'mawondo okha. Mawaya a magetsi ogwa asayandikiridwe. Nyumba ya zidina imene makoma ake amwa madzi isagonedwe kufikira itauma ndi kuyesedwa.

Mdani wotsiriza ndi kolera, pakuti zimbudzi zikasefukira zonyansa zimalowa m'zitsime. Idai atapita, anthu oposa 6,000 adadwala nthendayi m'chigawo cha Sofala, ndipo mwezi wa Epulo anthu oposa 800,000 adalandira katemera wakumwa. Madzi onse akumwa awiritsidwe mpaka kubwadamuka, kapena athiridwe mankhwala a klorini, monga Certeza, molingana ndi muyeso wolembedwa pa botolo; chimbudzi cha pamalo othawirapo chikumbidwe kumunsi, kutali ndi chitsime, sopo kapena phulusa zili pakhomo pake. Wina akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, msungunulireni masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, azimwa pang'onopang'ono kosalekeza, mulinkumnyamula kupita naye kuchipatala.