Ming'alu imene inaima panjira

Omvera athu, m'manja mwanga muli makalata awiri. Yoyamba yachokera kwa aphunzitsi a jogalafe ku Nchalo. Akuti: "Ana andifunsa kuti dziko likayamba kung'ambika, kodi limang'ambikabe mpaka pakatiwo pakhale nyanja yamchere? Nanga chiphalaphala chimachokera kuti?"

Zikomo aphunzitsi. Si mng'alu uliwonse umene umafika kumapeto. Anawo muwauze ayang'ane mayi awo akamakoka mtanda wa mandasi: usanaduke, pakati pamapyapyala n'kuyamba kulendewera. Chikhungwa cha dziko nachonso chimatero. Pansi pa makontinenti n'chochindikala makilomita 35 mpaka 40, koma chikamakokedwa chimapyapyala, ndipo miyala yotentha ya pansi pake imakwera. Apa ndiye ndikupempheni mutsindike, chifukwa ambiri amasokoneza. Miyalayo sisungunuka chifukwa choti moto wakula, ayi. Inali yotentha kale, kungoti katundu wa pamwamba ankaipanikiza kuti ikhale yolimba. Katunduyo akapepuka, ina imasungunuka n'kuyamba kutsata ming'alu.

Chitsanzo chimene ine ndimachikonda ndi chigwa cha Benue ku Nigeria. Zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, Africa ndi South America akusiyana, ming'alu itatu inakumana pamene pali Gulf of Guinea lero. Iwiri inatseguka n'kukhala nyanja ya Atlantic. Wachitatu unalowera kumtunda, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000 molunjika ku nyanja ya Chad, basi n'kuima. M'chigwacho madzi a m'nyanja ankalowa ndi kutuluka, kusiya matope ndi mchenga zounjikana makilomita angapo, chiphalaphala n'kumalowerera pakati pake. Malasha a ku Enugu, amene anapezeka mu 1909, komanso mtovu ndi zinki wa ku Abakaliki, zili m'dera limeneli. Ku Keana, m'chigwa chomwechi, amayi amatunga madzi pa akasupe a mchere n'kumaphika mchere.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi a ku Karonga, amene akuti chivomezi cha mu Disembala 2009 chinawagonetsa panja masabata angapo. Akufunsa ngati nyanja yathu ili pa mng'alu wakufa wotere.

Pepani mayi ndi zimene munakumana nazo. Mng'alu wa nyanja ya Malawi udakali wamoyo, umatseguka mamilimita ochepa pa chaka, n'chifukwa chake nthaka imagwedezeka, ndipo kumpoto kwanuko, ku Tanzania, kuli mapiri a moto a Rungwe. Ming'alu yakale kwambiri, ya nthawi imene akatswiri a miyala amaitcha Karoo, imene inaima osafika potsegula nyanja, nayonso tili nayo. Malasha a ku Mchenga ku Rumphi ndi a ku Moatize ku Tete anaunjikana m'zigwa zimenezo. Ndipo inu aphunzitsi a ku Nchalo, kwanu komweko ku chigwa cha Shire kuli miyala yakuda ya chiphalaphala ya zaka pafupifupi 180 miliyoni. Mukatoleko umodzi, anawo augwire m'manja.