Foni yatseguka popanda patani: nanga ikagwa m'manja mwa wakuba?

Funso: Ndine mlimi wa mbatata ya kachewere ku Bembeke. Mdzukulu wanga anasokoneza patani ya foni yanga. Mnyamata wokonza mafoni pa Dedza boma anaithimitsa, n'kuilumikiza ku laputopu atadina mabatani a voliyumu. Posakhalitsa inatseguka, kungoti zithunzi zonse zinafufutika. Ndalama za mbatata ndimalandirira pa foni yomweyi. Kodi wakuba sangachite chimodzimodzi?

Yankho: Bambo, angathe ndithu, ndipo mwachita bwino kufunsa.

Mukayatsa foni, Android siyamba yokha. Choyamba kudzuka ndi kapulogalamu kakang'ono kotchedwa boot ROM, kamene kanaikidwa mu chipu kufakitale. Kali ngati mlonda wa pachipata: kamayenera kukana pulogalamu iliyonse yopanda chidindo cha kampani. Pamachipu ena mlondayu amapusitsika kudzera pa chingwe cha USB, ndipo munthu amalowetsa zofuna zake patani isanafunsidwe n'komwe. N'kutheka kuti mnyamatayo anadzera pomwepo, chifukwa oflasha mafoni ambiri amadalira mipata yotereyi.

Nkhaniyi ndi yodziwika. Mu September 2019 wofufuza wodzitcha axi0mX anaulula checkm8, vuto lokhudza iPhone 4S mpaka iPhone X. Mu 2022 a NCC Group anapeza lofanana nalo m'machipu a Unisoc, ndipo machipu akale ambiri a MediaTek nawonso ali ndi lawo. Machipu a Unisoc ndi MediaTek ndi amene adzaza m'mafoni otsika mtengo kwathu kuno. Chimene chimandiwawa n'chakuti vuto la mu boot ROM silichoka ndi apudeti, poti linalembedwa mu chipu mwenimwenimo. Wosauka amangokhala nalo mpaka foni itatha.

Komabe mtima ukhale m'malo. Njirayi imafuna kuti foni ikhale m'manja mwa munthuyo, sangaichite ali ku Lilongwe inu muli kumunda. Ndalama za Airtel Money kapena Mpamba sizikhalanso m'fonimo, zimasungidwa kukampani, ndipo kuzitapa kumafuna SIM yanu ndi PIN.

Choopsa chenicheni ndi foni yobwera kwa inu itaikidwa kale pulogalamu yoonera zimene mukulemba, makamaka yogula kwa munthu pamsika kapena kuboda. Popita kokonzetsa, chotsani SIM ndi memori kadi, ndipo ngati n'kotheka dikirani pomwepo. PIN musaisunge m'mameseji kapena m'manambala a anthu. Poti foni yanu yadutsa kale m'manja mwa wina, sinthani PIN lero lomwe, ndipo foni ikadzabedwa thamangani kukatsekesa SIM tsiku lomwelo.