Kusintha Chithunzi cha pa Foni Kukhala PDF

Mlimi wa ku Chongwe akamakagulitsa chimanga ku depoti ya FRA, amachithira m'matumba a makilogalamu 50. Akachitengera m'dengu amubweza, ngakhale chimangacho chikhale chouma bwino. Zithunzi ndi makalata a pa foni nazonso zili ndi matumba ake. Mtundu wa thumbalo umaoneka kumapeto kwa dzina la fayilo, pambuyo pa kadontho: JPG, PNG, PDF.

Foni zambiri zikajambula zimasunga chithunzi mu JPG. Mtundu umenewu unakhazikitsidwa mu 1992. Umachepetsa kulemera kwa chithunzi potaya tizinthu tina timene maso sationa msanga. PDF inayambitsidwa ndi kampani ya Adobe mu 1993, ndipo ntchito yake ndi makalata. Masamba angapo amakhala mu fayilo imodzi, ndipo amaoneka chimodzimodzi pa foni, pa kompyuta ndi papepala. N'chifukwa chake maofesi amaikonda. Mwana wanu akamafunsira malo ku Chalimbana University kapena ntchito ku Lusaka, angauzidwe kuti atumize chitupa cha NRC ndi zotsatira za Giredi 12 mu PDF.

Ena amafufuta zilembo JPG pa dzina n'kulembapo PDF. Kutero sikusintha kanthu, ndipo kawirikawiri fayiloyo imakana kutseguka. Pamafunika pulogalamu yoti iwerenge chithunzicho ndi kuchilembanso mwa mtundu watsopano.

Pa intaneti pali masamba ochita ntchito imeneyi, monga iLovePDF ndi Smallpdf. Mukatsegula tsambalo, sankhani pamene palembedwa JPG to PDF. Kenako lozani chithunzi chanu. Chithunzicho chimachoka pa foni kupita ku kompyuta ya eni tsambalo, imene ingakhale kunja kwa Zambia. Kumeneko chimasinthidwa. Mukadina Download, chimabwerera kwa inu chili PDF. Ulendowu ndi wopita ndi kubwera, choncho bandulo yanu ya Airtel, MTN kapena Zamtel imadyeka kawiri. Chithunzi chimodzi chimatha kulemera 3 MB, koma vidiyo imalemera kwambiri kuposa apo. Musanasinthe vidiyo ya MP4 kuti mutsale ndi mawu okha a MP3, yambani mwaona bandulo yotsala.

Apa m'pofunika kusamala. Chithunzi cha munda wa tomato kapena cha mwambo wa Chakwela Makumbi chingapite kulikonse popanda vuto. NRC ndi nkhani ina. Ili ndi nkhope yanu, nambala yanu, mudzi wanu ndi mfumu yanu. Masamba ambiri amalonjeza kufufuta fayilo pakapita maola ochepa, koma inu simungaone ngati afufutadi. Munthu wakuba akapeza NRC yanu angayese kutenga ngongole m'dzina lanu. Ine ndimalangiza kuti mapepala otere muziwasinthira pa foni pomwepo. Pa foni zambiri za Android, tsegulani chithunzi, dinani Print, kenako sankhani Save as PDF. Njira imeneyi sifuna bandulo, ndipo chithunzicho sichichoka m'manja mwanu. Mukapempha thandizo pa shopu yosindikiza mapepala kumsika wa Chongwe, muuzeni wokuthandizaniyo kuti afufute fayilo yanu inu mukuona.

Kusintha mtundu sikukonza chithunzi choipa. Chojambulidwa mumdima chidzakhala chakuda mu PDF momwe. Yalani pepala pamalo osalala, powala bwino, ndipo ngodya zonse zinayi zioneke. Chithunzi choyambacho musachifufute, chifukwa JPG ikasinthidwa mobwerezabwereza zilembo zimayamba kufufutika. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document kuti chisachepetsedwe.

Tsopano yesani limodzi ndi mnzanu. Jambulani tsamba lino, lisintheni likhale PDF, ndipo mnzanu awerenge mokweza zilembo zitatu zimene zili kumapeto kwa dzina la fayilo.