Kambuzi: tidziwe kwawo tisanamubzale



Allah anapatsa chomera chilichonse malo amene chimakonda, ndipo mlimi wosadziwa malowo amataya thukuta pachabe. Lero tikambe za kambuzi, tsabola wonunkhira uja amene amakometsa usipa ndi chambo.

Kambuzi ndi kachitsamba ka nthambi zambiri. Maluwa ake ndi ang'onoang'ono, oyererako, ndipo amatuluka awiri kapena kuposa pamfundo imodzi. Zipatso zikapsa zimakhala za mtundu wa lalanje. Moto wake suli m'njere kwenikweni, uli m'kanyama koyera kamene kamagwira njerezo. Mbalame sizimva kuwawa kumeneku, n'chifukwa chake zimadya n'kufesa njere kutali.

Kwawo kwenikweni ndi ku South America, kuzigwa zotentha ndi za mvula yambiri za mtsinje wa Amazon. Tsabola anayamba kuwoloka nyanja chitadutsa chaka cha 1492, ndipo Apwitikizi ndiwo anamufalitsa m'madoko a mu Africa. Tsono mpaka lero kambuzi amafuna kutentha ndi chinyezi, koma madzi akadikha pamizu amafota. Inu a ku Nkhotakota, Salima ndi Mangochi, tsinde limodzi lingakubalireni kopitirira chaka mukamalithirira. Kuno ku Lisasadzi mphepo ya Juni ndi Julayi imamupinimbiritsa, choncho timamubzala pobisika, kuseri kwa mpanda, n'kuphimbira nthaka ndi udzu.

Nachi chachikulu kwa ife alimi a fodya: kambuzi, fodya, tomato, mabiringanya ndi mbatata ya kachewere ndi banja limodzi, ndipo amapatsirana matenda. Tizilombo totupitsa mizu timatsalira m'nthaka mmene munali fodya. Matenda opiringiza ndi kuchititsa mawanga masamba amayenda ndi manja a munthu amene wagwira fodya. Nazale ya fodya ikatha, pamaoneka pokonzeka kale, koma mukafesapo kambuzi mbande zingafe musanathyole kanthu. Sankhani pamene panali chimanga. Ife timasamba m'manja tsiku lonse pokonzekera Swala. Pochoka m'shedi kupita kudimba, tiwonjezeko sopo.

Njere zimachedwa kumera, masabata awiri kapena atatu, ndiye musafulumire kugalauza bedi. Mbewu tengani pa tsinde lathanzi, zipatso zitapsa bwino, muumitse pamthunzi.

Allah adalitse minda yanu ndi maukonde anu. Aamiin.